Shoti imene DRC sikuiona: batire likulowa pa bodi osadzera pa fyuzi

Che Jafali, Namiyasi

Akuluakulu ndi anzanga nonse a ntchito ya zamagetsi, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo kuyambira Loweruka, ndipo ndikupempha kuti muwerenge modekha chifukwa ndilongosola zonse mwatsatanetsatane. Ndinajambula bodi yoyendetsera nyali za LED zimene asodzi a kauni amaika pa bwato la siginala pokopa usipa usiku. Bodiyi imalandira magetsi kuchokera ku batire la 12V, imawatsitsa kufika pa 5V kudzera mu LM2596 kuti adyetse ATmega328P, kachipu kamene kamalamulira bodi yonse, ndipo imazimitsa nyali batire likatsika kwambiri, kuti asodzi asamaphe mabatire powakama mpaka kuuma monga amachitira. Polowera magetsi ndinaikapo zotetezera ziwiri, fyuzi ya 10A ndi MOSFET ya IRF4905 yotsekereza magetsi munthu akasemphanitsa mawaya, popeza pa nyanja mawaya amalumikizidwa mumdima ndi manja onyowa.

Ndinajambula mu KiCad 7, pulogalamu yojambulira mabodi a zamagetsi (PCB). DRC, chida chake chofufuza zolakwa pa njira za mkuwa za pa bodi, sinapeze cholakwa ngakhale chimodzi, ndinatumiza mafayilo a Gerber, amene fakitale imapangira bodi, ku fakitale ina ya ku China, ndipo mabodi asanu anandipeza patatha milungu ingapo. Yoyamba ndinaiwotcherera, inagwira bwino pa tebulo, kenako ndinaipereka kwa mwini chilimira wina wa ku Makawa kuti akaiyese. Usiku wachitatu mnyamata wake anasemphanitsa zopanira pa batire. Bodi inabwera m'jumbo ikununkha usipa ndi utsi, kapasita yaikulu ya polowera itang'ambika pamwamba mpaka mapepala a m'kati kutuluka, LM2596 itatupa, koma fyuzi ili nyezinyezi ngati yatsopano.

Ndinawotcherera bodi yachiwiri, ndinailumikiza bwino ku batire, kenako ndinazula fyuzi, koma kanyali kobiriwira kosonyeza kuti bodi ikulandira magetsi sikanazime. Pamenepo ndinatenga bodi yopanda kanthu, ndinaika nsonga imodzi ya multimeter pa bowo la plus la J1, pamene pamalowa waya wa batire, ina pa mwendo wa plus wa kapasita C1, ndipo mita inalira. Pakati pa malo awiriwa pamayenera kukhala fyuzi ndi MOSFET, zimene pa bodi imeneyi sizinaikidwe n'komwe. Ndabwerezanso DRC kangapo ndipo ikundiuzabe kuti zonse zili bwino. Maganizo anga ndi akuti fakitale inasiya mkuwa pamene sunayenera kutsala, choncho ndisanawalembere kalata yodandaula ndimafuna kumva ngati pali njira yopezera shoti yotere m'kati mwa pulogalamu.

Mayi Nachisale, Mangochi Boma

Che Jafali, pepani ndi zimene zachitikazi, komanso tithokoze kuti zathera pa kapasita. Bwato la matabwa limene nthawi zambiri limayandikana ndi zigubu za petulo si malo oti batire likhale lopanda fyuzi, chifukwa batire la galimoto likapeza njira yachidule limatulutsa ma ampere mazanamazana ndipo waya amafiira nthawi yomweyo. Ngati pali bodi ina imene mwapereka kale kwa msodzi, itengeni lero.

Kalata ya ku fakitale iyambe yadikira. Yesani mabodi onse atatu opanda kanthu pa malo awiri omwewo. Mkuwa wotsalira mwangozi umakhala ngati katsitsi kopyapyala pakati pa njira ziwiri zoyandikana, ndipo kawirikawiri umapezeka pa bodi imodzi kapena ziwiri, osati pa onse mofanana. Mukapeza kuti onse akulira chimodzimodzi, tsegulani mafayilo enieni amene munatumiza aja mu GerbView, pulogalamu yoonera mafayilo a Gerber, osati bodi imene ili mu PCB Editor lero, ndipo muyang'ane mkuwa wa pamwamba mozungulira J1. Ndikuumirira pa mafayilo otumizidwawo chifukwa amenewo ndi okhawo amene fakitale inawaona. Mafakitale ambiri amayesa bodi iliyonse ndi makina a singano zoyenda, koma mndandanda wa zoyenera kulumikizana amautenga mu Gerber yomweyo, pokhapokha mutawatumizira wanu wa IPC-D-356. Choncho shoti ikakhala kuti inajambulidwa, makinawo amaiona ngati njira yofunika ndipo amaivomereza.

Bambo Kumwenda, Monkey Bay

Ine ndikukayikira ma zone, minda ya mkuwa imene pulogalamu imadzaza pa bodi, achimwene. KiCad sidzaza zone yokha nthawi iliyonse imene mwasuntha chinthu, ndiye zimatheka kusuntha pad (powotcherera mwendo wa chipangizo) kapena via (kabowo kolumikiza mkuwa wa pamwamba ndi wa pansi), mkuwa wa zone n'kutsala momwe unalili poyamba, n'kuphimba chinthu cha net ina (net ndi gulu la malo onse oyenera kulumikizana, lokhala ndi dzina lake). Zinandichitikirapo pa bodi ya pampu ya sola, ndinasuntha via pa mphindi yomaliza ndisanatulutse mafayilo. Dinani B kuti ma zone onse adzazidwenso, ndipo pa zenera la DRC muonetsetse kuti mwachonga pamene palembedwa "Refill all zones before performing DRC". Pa zenera lotulutsira Gerber palinso "Check zone fills before plotting", pamenenso payenera kukhala pochonga.

Chinanso, DRC yopanda cholakwa si umboni wokwanira ngati mayeso ena anazimitsidwa. Pitani ku Board Setup, pa Violation Severity, muone ngati "Items shorting two nets" ndi "Clearance violation" zili pa Error. Anthu ambiri amatenga makonzedwe kuchokera ku pulojekiti ya munthu wina pa intaneti osadziwa kuti mwiniwakeyo anaika mayeso ena pa Ignore atatopa ndi madandaulo a pulogalamu. Pa zenera la DRC lomwelo pali tsamba la Ignored Tests, komanso pansi pake pali pochonga poonetsa zolakwa zimene munazichotsa nokha pa mndandanda.

Alinafe, wophunzira ntchito, Mpondasi

Ndikupempha kuponyapo mawu ngakhale ndili wamng'ono pa gulu lino. Bwana wanga anandiphunzitsa kupeza shoti pa bodi yeniyeni polowetsamo magetsi ochepa, pafupifupi 1V, pa bench supply yoikidwa malire a 1A, kenako kuyeza ma millivolt m'mbali mwa njira ya mkuwa. Mkuwa wamba wa 1 oz ndi wokhuthala 35 µm, ndipo kachigawo kake kofanana m'litali ndi m'lifupi kamakhala ndi pafupifupi theka la milliohm. Ndiye kuti njira ya 1 mm m'lifupi ndi 20 mm m'litali imakhala ndi pafupifupi 10 milliohm, ndipo pa 1A imataya 10 mV, imene mita yabwino imatha kuiwerenga. Mukamatsata kumene manambala akutsikira mumakafika pamene magetsi akuwolokera. Mwina njira imeneyi ingathandize a Che Jafali.

Che Jafali, Namiyasi

Zikomo nonse. Ndachita zimene mwanena motsatana, ndipo kalata ya ku fakitale ija ndaing'amba, chifukwa ikanandichititsa manyazi.

Mabodi onse atatu opanda kanthu akulira mofanana. Mu GerbView palibe chobisika chilichonse: mkuwa wa pamwamba ndi chimunda chimodzi chachikulu chimene chayambira pa bowo la plus la J1, chakhudza mwendo woyamba wa fyuzi, chadutsa m'mbali mwa MOSFET mpaka kukafika pa C1 ndi pa LM2596. Si katsitsi ayi, ndi msewu wotambalala kuposa chala changa, ndipo ndikudabwa kuti maso anga analikuti nthawi yonseyi. Alinafe, njira yako ndi yabwino ndipo ndaisunga, koma pano magetsi akuwolokera poonekeratu, moti palibe chofufuza ndi ma millivolt.

Bambo Kumwenda, ndadina B, ma zone adzazidwanso ndipo abwerera momwe analili, kuphimba J1 popanda kusiya mpata. Mayeso awiri mwatchulawo ali pa Error, ndipo palibe cholakwa chimene ndinachichotsa pa mndandanda. DRC ikutulukabe yoyera. Apa mpamene mutu wanga waima, chifukwa pulogalamu ikudzaza yokha mkuwa pa malo awiri amene pa schematic, chojambula chosonyeza mmene zipangizo zalumikizirana, ndi osiyana, kenako ikundiuza kuti palibe vuto.

Aphunzitsi a Chikaonda, Namwera

Che Jafali, mawu anu omalizawa ndi amene atsegula nkhani. Zone ikadzazidwanso n'kuphimbabe pad popanda kusiya mpata, ndiye kuti kwa KiCad pad imeneyo ndi zone imeneyo ndi a banja limodzi. DRC sidziwa kuti fyuzi ndi chiyani, sidziwanso chimene inu mumafuna pojambula. Chimene imachita ndi kufunsa funso limodzi pa zidutswa ziwiri zilizonse za mkuwa zimene zakhudzana kapena kuyandikana: kodi dzina la net yawo ndi limodzi? Likakhala limodzi imangodutsa, ndipo ikapeza kuti zidutswa za dzina limodzi sizinalumikizidwe imadandaula kumene kuti muzilumikize. Choncho ma net awiri akasakanikirana ku schematic, amafika ku PCB ali net imodzi, ndipo DRC imakhala ikunena zoona ikamati palibe shoti. Mukhoza kuiyendetsa mpaka mwera udzathe, yankho silisintha.

Chitani izi. Mu PCB Editor kulitsani chithunzi mpaka dzina la net lioneke m'kati mwa pad ya plus ya J1, ndipo muwerenge zimene zalembedwapo. Ikani cholozera pa pad yomweyo, dinani batani la backtick, lija lili pansi pa Esc, muone zonse zimene ziwale. Kenako tsegulani Net Inspector ndi kufufuza dzina limene munapatsa waya wochokera ku batire. Mutiuze mayina enieni monga alembedwera, chilembo ndi chilembo.

Che Jafali, Namiyasi

Aphunzitsi, mwalasa. Pa schematic waya wochokera pa J1 kupita ku fyuzi ndinautcha VBAT_IN, ndipo wotuluka mu MOSFET kupita ku zina zonse ndinautcha +12V. Koma pa PCB, pad ya plus ya J1 yalembedwa +12V, mwendo woyamba wa fyuzi walembedwanso +12V. Mwendo wachiwiri wa fyuzi wokha ndi umene uli ndi net yake, Net-(Q1-D), yopita ku drain ya MOSFET, ndipo source ya MOSFET yabwereranso pa +12V. Mu Net Inspector mulibe VBAT_IN ngakhale pang'ono. Ndiye kuti fyuzi ndi MOSFET zanga zikuchoka pa +12V n'kubwerera pa +12V pomwepo, ngati alonda awiri amene ndawaimika pa geti pamene mpanda kulibe.

Tsopano ndakumbukira kuti pojambula bodi sindinakoke njira iliyonse kuchoka pa J1 kupita ku fyuzi. Nditangodzaza zone, kachingwe koyera kosonyeza kuti pakufunika kulumikiza kanasowa, ndipo ndinasangalala kuti ntchito yachepa. Koma ndayang'ana schematic kuyambira pamwamba mpaka pansi, palibe waya umene ukulumikiza VBAT_IN ndi +12V, ndipo ERC, chida chofufuza zolakwa pa schematic, nayo sikunena kanthu pa nkhani imeneyi.

Bambo Kumwenda, Monkey Bay

Ndavomera kuti ma zone alibe mlandu. Pa schematic, malo amene ma net amasakanikirana mosaoneka ndi odziwika: kadontho ka junction pamene mawaya awiri amangoyenera kudutsana, nsonga ya pini ya chipangizo imene yagona pa waya wodutsa, kapena label imene inatsetsereka pokoka gulu la zinthu n'kukagwera pa waya wa eni. Dinani backtick yomweyo mu Schematic Editor pa waya wa +12V, kenako muyende tsamba lililonse kuona mawaya amene asintha mtundu. Zikakanika, pali njira yotopetsa koma yosalephera. Koperani pulojekiti yonse ku foda ina, fufutani theka la schematic, muone ngati J1 ikadali pa +12V. Ikakhala ikadalipo fufutani theka la zotsalazo, ikachoka bwezerani ndi kufufuta theka linalo. Pa maulendo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu mumakhala mwatsala ndi chinthu chimodzi, ngakhale schematic ikhale ndi zipangizo zoposa zana.

Aphunzitsi a Chikaonda, Namwera

Njira ya Bambo Kumwenda ya kudula pakati ndi yabwino, ndipo ndimaiphunzitsa, koma pano tikhoza kufupikitsa ulendo pomvetsera kukhala chete kwa ERC. Waya umodzi ukakhala ndi mayina awiri osiyana, kaya chifukwa cha junction yolakwika kaya label yotsetsereka, KiCad 7 imachenjeza kuti mayina awiri onsewo amangiriridwa pa zinthu zomwezo, ndipo imatchula limene ilisankhe mu netlist, mndandanda wa ma net. Ngati chenjezo limeneli silinazimitsidwe mu Schematic Setup koma silikutuluka, ndiye kuti pulogalamu sikuona mayina awiri ayi. Ikuona dzina limodzi lokha, +12V, ngakhale maso anu akuwerenga VBAT_IN.

Ndili ndi mafunso awiri, Che Jafali. Loyamba, kodi VBAT_IN imeneyi ndi label wamba, kapena ndi symbol ya power, kaja kamuvi koloza m'mwamba? Ngati ndi symbol, munaitenga kuti? Lachiwiri, ma PWR_FLAG, zizindikiro zouza ERC kuti waya ukulandira magetsi, mwaika angati pa mbali ya plus, ndipo ali pati?

Che Jafali, Namiyasi

Ndi symbol ya power, aphunzitsi, ndipo ndinaipanga ndekha. Ndinkafuna dzina londikomera, choncho ndinatsegula Symbol Editor, ndinakopera +12V ya mu library ya power kupita mu library yanga, ndinasintha dzina kukhala VBAT_IN, n'kusunga. PWR_FLAG ya plus ilipo imodzi yokha, pafupi ndi J1, ina ili pa GND.

Aphunzitsi a Chikaonda, Namwera

Basi, wakuba tamupeza. Symbol ya power ili ndi pini imodzi yobisika, yopanda utali, ya mtundu wa power input. Mu KiCad 7 ndi zonse za m'mbuyo mwake, dzina la net silichokera pa mawu amene mumawaona pamwamba pa kamuvi, limachokera pa dzina la pini yobisikayo, ndipo mapini onse otere a dzina limodzi amalumikizana pa schematic yonse popanda waya wooneka. Inu munasintha chikwangwani cha panja, koma pini ya m'kati inatsala ikutchedwa +12V. Tsegulani symbol yanuyo mu Symbol Editor, pitani pa Pin Table, mukadzionere nokha. Mukhozanso kutsegula fayilo ya library, ija yothera ndi .kicad_sym, mu Notepad, popeza ndi mawu wamba, ndipo mupeza +12V italembedwa pa dzina la pini m'kati mwa VBAT_IN.

Za PWR_FLAG ndinafunsa dala. Mapini a fyuzi ndi a passive, ndipo ERC siwerengera kuti magetsi adutsa m'chipangizo chotere kupita tsidya lina. Ma net awiriwa akanakhala osiyana, flag ya pa J1 ikanakhutitsa VBAT_IN yokha, ndipo pa +12V ERC ikanadandaula kuti "Input Power pin not driven by any Output Power pins", chifukwa VIN ya LM2596 ikanaoneka ngati ilibe woidyetsa. Dandaulo limeneli limatopetsa ndipo tonse timakondwa likapanda kubwera, koma pa bodi yanu kusabwera kwake kunali chizindikiro choti flag imodzi ikudyetsa mbali zonse ziwiri za fyuzi.

Pokonza, sinthani dzina la pini likhale VBAT_IN ndi kusunga. Musaiwale kuti kuyambira pa KiCad 6 schematic imasunga kope yakeyake ya symbol iliyonse, choncho kusintha library kokha sikukwanira, muyenera kupita ku Tools ndi kusankha Update Symbols from Library. Mukatero ikani PWR_FLAG yachiwiri pa +12V, yendetsani ERC, dinani F8 kuti PCB ilandire ma net atsopano, dinani B, ndi kuyendetsa DRC. Kapena, chophweka kuposa zonsezi, fufutani symbol yanuyo ndi kugwiritsa ntchito +BATT imene ili kale mu library, ngakhalenso label wamba, popeza waya ameneyu ndi wamfupi ndipo ali pa tsamba limodzi.

Kwa amene ali pa KiCad 8, imene inatuluka mu February 2024, khalidweli linasinthidwa: dzina la net likutengedwa pa Value ya symbol ya power, moti mukhoza kulisintha pa schematic pomwepo. Komabe sindikukulangizani kusamuka muli pakati pa ntchitoyi, chifukwa fayilo ikasungidwa mu 8 simungaitsegulenso mu 7.

Che Jafali, Namiyasi

Ndatsegula Pin Table ndipo +12V ili pamenepo ikundiyang'ana. Ndasintha, ndatsata ndondomeko yonse, ndipo ERC inayamba yadandaula za LM2596 ndendende monga munanenera, mpaka nditaika flag yachiwiri. Nditadina F8 ndi B, zone inadzipatula yokha mozungulira J1 ndi mwendo woyamba wa fyuzi, kachingwe koyera kanabwerera pakati pa ziwirizi, ndipo DRC inatulutsa zinthu zosalumikizidwa ziwiri ndi "Items shorting two nets" imodzi. Yomalizayi ili pa kanjira kopita ku resistor ya pamwamba ya choyezera batire, kamene kanali kakadali ndi dzina la +12V pamene pad yake tsopano ndi VBAT_IN. Sindinayambe ndakondwerapo ndi zolemba zofiira ngati lero.

Funso latsala ndi la mabodi anayi ali pa tebulowa, imodzi yowotcherera kale ndi atatu opanda kanthu. Mwini chilimira uja akufuna nyali zake mdima wa mwezi uno usanathe, ndipo kuitanitsa ena ndi ndalama komanso milungu. Ndimaganiza zodula mkuwa ndi mpeni mozungulira J1 ndi mwendo wa fyuzi, kenako kulumikiza ziwirizi ndi waya wokhuthala. Vuto ndi lakuti pa J1 ndinasankha kulumikiza kwa solid, kwa mkuwa wokhudza pad yonse, m'malo mwa thermal relief, ya timiyendo topyapyala, chifukwa cha kuchuluka kwa ma ampere, ndiye palibe timiyendo tinayi toti n'kungodula, ndiyenera kukumba ngalande kuzungulira pad yonse.

Bambo Kumwenda, Monkey Bay

Ngalande ya mpeni ine sindikuivomereza pa bodi yopita pa nyanja. Mukadula mkuwa mumachotsanso utoto wobiriwira woteteza, m'mphepete mumatsala tizingwe ta mkuwa tosaoneka ndi maso, ndipo chinyezi cha pa bwato chikalowa mumpata wopapatiza umene uli ndi 12V mbali imodzi, dzimbiri lobiriwira limayamba. Kuno ku Monkey Bay ndatsegulapo zipangizo zambiri za m'maboti zimene zinakonzedwa motero. Pa bodi yoyesera pa tebulo palibe vuto, koma yopatsa kasitomala ndi bwino kudikira zatsopano.

Mayi Nachisale, Mangochi Boma

Mpeni sukufunika n'komwe, ndipo kudikira sikukufunikanso. Tawerenganinso mayina amene Che Jafali anatipatsa aja. Pa bodi yolakwikayi pali malo amodzi amene ali olondola: mwendo wachiwiri wa fyuzi, umene uli pa net yakeyake yopita ku drain ya MOSFET. Amenewo ndi khomo labwinobwino lolowera magetsi. Musaike chogwirira fyuzi pa bodi, ndipo pa imene mwawotcherera kale muchichotse. Gulani chogwirira fyuzi cha pa waya, chija cha m'galimoto cholowa fyuzi ya mano awiri, muchiike pa waya wofiira pafupi ndi batire, ndipo nsonga ina ya wayayo muiwotcherere pa bowo la mwendo wachiwiri wa F1, malo a fyuzi pa bodi. Magetsi adzachoka ku batire, kudzera pa fyuzi ya panja, kulowa mu MOSFET, kenako kufika pa +12V, monga momwe munafunira poyamba. Kunena zoona fyuzi ya pafupi ndi batire ndi yabwino kuposa ya pa bodi, chifukwa imatetezanso waya wonse wodutsa m'bwato, umene umapondedwa ndi kukhuzika pa matabwa.

Musamale zinthu zitatu. Bowo la plus la J1 likadali khomo lopanda mlonda, choncho musaikepo terminal, waya wakuda muuwotcherere mwachindunji pa bowo la minus, ndipo la plus mulitseke ndi epoxy kuti wina asadzalione ngati malo olumikizira. Wayawo muumange ndi cable tie pa bokosi kuti kukoka kusamafike pa chowotchereracho. Chachitatu, choyezera batire pa mabodi amenewa chizidzawerenga kuseri kwa MOSFET. IRF4905 ikatseguka bwino imakhala ndi pafupifupi 0.02 ohm, ndiye pa 5A imadya 0.1V, kuphatikizapo zimene zitayike pa fyuzi ndi pa waya. Yezani ndi mita kusiyana kwa pa batire ndi pa C1 nyali zonse zikuyaka, ndipo mutsitse malire ozimitsira mu pulogalamu ya ATmega ndi muyeso womwewo, apo ayi nyali zizidzazima batire likadali ndi mphamvu.

Che Jafali, njira yochoka pa F1 kupita ku Q1, MOSFET ija, munaipatsa m'lifupi wotani?

Che Jafali, Namiyasi

Ndi 4 mm pa mkuwa wa 1 oz, Mayi, ndipo ndi yaifupi, siikwana 15 mm. Nyali zonse pamodzi zimakoka pafupifupi 5A.

Ndachita monga mwalangizira pa bodi yowotcherera kale ija. Chogwirira fyuzi ndachipeza kwa ogulitsa zipangizo za galimoto pa msika wa pa Boma. Nditazula fyuzi kanyali kobiriwira kanazima nthawi yomweyo. Kenako ndinaika bodi m'chidebe cha chitsulo panja, ndinaima patali pang'ono, ndi kusemphanitsa zopanira dala. Palibe chimene chinayaka, palibe utsi, kapasita inakhalabe yozizira, ndipo nditabwezeretsa mawaya bwino bodi inadzuka ngati palibe chachitika. Kusiyana kwa pa batire ndi pa C1 nyali zikuyaka ndapeza 0.24V, ndipo ndasintha kale malire mu pulogalamu.

Alinafe, wophunzira ntchito, Mpondasi

Aphunzitsi, ndatsegula pulojekiti yanga ya chaja ya mafoni ya sola nditawerenga zonsezi, ndipo nanenso ndili ndi ma symbol awiri a power amene ndinawapanga pokopera. Mapini ake ndaona kuti ali bwino. Koma kodi pali kuyesa kwina kumene ndingachite ndisanatumize mafayilo, kumene kungagwire kusakanikirana kotere ngakhale kutachokera kwina?

Aphunzitsi a Chikaonda, Namwera

Kulipo, Alinafe, ndipo kumatenga mphindi zochepa. Usanatulutse Gerber, lemba pa pepala mayina onse a ma net a magetsi amene ukuyembekezera, kenako utsegule Net Inspector ndi kuchonga limodzilimodzi. Dzina limene lili pa pepala koma mulibe mu mndandanda lamezedwa ndi net ina. Ukatero upite pa chipangizo chilichonse chimene magetsi amayenera kudutsamo, monga fyuzi, diode, switch, shunt, ferrite bead ndi regulator, udine backtick pa mwendo wolowera. Mwendo wotulukira suyenera kuwala, ndipo pamene pali zipangizo ziwiri zotsatizana monga pa bodi ya Che Jafali, uyang'ane mpaka kumapeto kwa mzere wonsewo, chifukwa pakati pake pakhoza kukhala polondola pamene nsonga ziwiri zakumana.

Che Jafali, pa bodi yatsopano imene mudzaitanitse musinthe nambala ya pa silkscreen, zolemba za pamwamba pa bodi, ikhale yachiwiri, ndipo mabodi anayi akalewa muwalembe ndi cholembera chosafufutika, kuti asadzasakanikirane ndi atsopano m'kabati mwanu.

Che Jafali, Namiyasi

Ndawalemba onse anayi ndi chilembo X pafupi ndi J1, ndipo mabowo a plus ndawatseka ndi epoxy, auma pofika m'mawa. Pa bodi yatsopano VBAT_IN ndaipatsa zone yakeyake kuchoka pa J1 kufika pa fyuzi, ndipo mu Net Inspector ikuoneka ndi ma pad atatu, J1, F1 ndi resistor ya choyezera batire, monga ndimayembekezera. Mawa masana ndipita nayo ku Makawa bodi yakale ija imene ndaikonza, ndipo fyuzi ndikaimangirira ndekha pa waya wa batire asodzi asanalowe m'madzi.